Mafunso ndi Mayankho: Matenda Otengera kwa Makolo ndi Kafukufuku wa Magazi

Mwa makalata amene talandira mwezi uno, angapo ochokera m'boma la Mangochi akukhudza matenda amene mwana amabadwa nawo chifukwa chotengera kwa makolo. Tawaika pamodzi ndi kuwafupikitsa, ndipo maina a olemba tawabisa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Ndinabereka ana anayi. Wachiwiri anamwalira ali ndi zaka zitatu chifukwa cha kuchepa magazi, ndipo tsopano womaliza, wa chaka ndi theka, amatupa manja ndi mapazi, maso amachita chikasu, ndipo amuwonjezerapo kale magazi. Kuchipatala anena kuti ndi sickle cell. Akuchimuna akuti matendawa ndabwera nawo ndine chifukwa kwawo kulibe amene anadwalapo motere, pomwe amayi anga akuti pali wina amene akutilodza. Zoona ndi ziti? (Mayi wa ku Namwera)

YANKHO: Pepani kwambiri, mayi, chifukwa cha mwana amene anatisiyayo. Akuchimuna akulakwitsa, ndipo amayi anunso, ngakhale kuti akulankhula chifukwa chowawidwa mtima ndi zidzukulu zawo, akusaka chifukwa kumene kulibe.

Thupi la munthu linapangidwa ndi maselo, ndipo m'maselo ambiri muli DNA, imene imasunga malangizo a mmene thupi liyenera kukulira ndi kugwirira ntchito. DNA imeneyi imakhala m'timitolo 46. Timitolo 23 mwana amalandira kwa mayi ndipo 23 tinato amalandira kwa bambo. Pa chifukwa chimenechi, malangizo a chinthu chilichonse amabwera awiriawiri, ena kuchikazi, ena kuchimuna. Ena mwa malangizowa ndi opangira himogulobini, chinthu chimene chimafiiritsa magazi ndi kunyamula mpweya wa okosijeni m'thupi lonse. Himogulobini ya anthu ambiri madokotala amaitchula kuti A, koma ilipo ina yotchedwa S. Munthu amene walandira A mbali zonse ziwiri ndi AA. Amene walandira A mbali imodzi ndi S mbali inayo ndi AS, ndipo munthu wotere amakhala wathanzi, amalima, amapalasa bwato mpaka kukalamba osadziwa kuti ali ndi S. Amene amadwala ndi amene walandira S kwa mayi ndi S inanso kwa bambo, kukhala SS. Ngati mwana wanu anamupeza ndi SS, ndiye kuti inu muli ndi S ndipo bambo ake alinso ndi S. Njira ina palibe.

Akuchimuna angathe kunena zoona kuti sanaonepo matendawa kwawo, pakuti S imatha kuyenda mwakachetechete m'banja kwa mibadwo ingapo kudzera mwa anthu a AS. Komanso tisaiwale kuti kale ana ambiri a SS ankamwalira ali aang'ono asanayezedwe, ndipo pamaliro anthu ankangoti anali malungo kapena kuchepa magazi. Mayi ndi bambo akakhala AS onse awiri, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe SS, mipata iwiri yoti akhale AS, ndi umodzi woti akhale AA. Mimba iliyonse imayamba kuwerengedwa payokha, choncho banja lina likhoza kubereka ana asanu popanda wodwala, pomwe lina likhoza kukhala ndi odwala awiri mwa anayi.

Mwa mwana wa SS, maselo ofiira a magazi amauma ndi kupindika ngati chisikilo okosijeni akachepa. Akatero amatseka timitsempha ting'onoting'ono, ndipo ndicho chimayambitsa ululu ndi kutupa kwa manja ndi mapazi kumene mukuonako. Maselo amenewa amafanso msanga, pakati pa masiku 10 ndi 20, pomwe maselo abwinobwino amakhala masiku pafupifupi 120. Ndiye gwero la kuchepa magazi ndi chikasu cha m'maso. Zizindikiro sizioneka mwana akangobadwa chifukwa amakhala akadali ndi himogulobini ya m'mimba, kutanthauza imene thupi lake linkapanga ali m'mimba mwa mayi ake, ndipo imeneyi imamuteteza kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi.

Kuchuluka kwa S kumadera otentha kuno kuli ndi chifukwa chake. M'chaka cha 1954, wofufuza wina dzina lake Anthony Allison, yemwe ankagwira ntchito kum'mawa kwa Africa, anasonyeza kuti anthu a AS amatetezedwako ku malungo aakulu. Kumene malungo ankapha ana ambiri, ana a AS ankapulumuka, n'kukula, n'kupatsira S kwa ana awo. Kafukufuku wa m'dziko muno wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana pafupifupi 9 mwa 100 alionse ndi AS. Chitetezo chimenechi sichifika kwa mwana wa SS. Kwa iye malungo ndi oopsa kuposa kwa mwana wina aliyense.

Chimene chili m'manja mwanu tsopano ndi chisamaliro, ndipo chisamalirocho chimapulumutsa moyo. Mwanayo alandire katemera yense, kuphatikizapo wa chibayo amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011, chifukwa kapamba wa mwana wa SS amafooka msanga ndipo samuteteza bwino ku tizilombo. Funsani adokotala za penisilini wa tsiku ndi tsiku amene ana otere amamwa mpaka zaka zisanu, za folic acid, za mankhwala oteteza ku malungo, komanso za hydroxyurea. Mankhwala omalizawa amachititsa thupi kupanga himogulobini ya m'mimba ija, ndipo kafukufuku wotchedwa REACH, amene anachitika ku Angola, Democratic Republic of Congo, Kenya ndi Uganda ndi kusindikizidwa mu 2019, anasonyeza kuti amachepetsa ululu, malungo, kuwonjezeredwa magazi ndi imfa. Mwanayo azigona m'neti, azimwa madzi ambiri, ndipo muzimufunditsa bwino m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pakuti kuzizira kwa kumapiri a ku Namwera kumatha kudzutsa ululu. Thupi likatentha, zikhato zikayera, mimba ikatupa mbali ya kumanzere, akamapuma movutika, kapena mkono ndi mwendo zikafooka mbali imodzi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Mphini musamutemere, alibe magazi otaya, ndipo bala limalowetsa tizilombo.

Ana awiri enawo akayezedwenso. Pa ulendo wotsatira pitani ndi bambo a mwanayo, ndipo ngati n'kotheka ankhoswe a mbali zonse ziwiri akakhalepo, kuti akamve okha kuchokera kwa adokotala. Mlandu wotere suthera pabwalo. Umathera pa zotsatira za magazi a bambo.

FUNSO: Ndikufuna kukwatira msuweni wanga, mwana wa amalume. Mnzanga akuti ana athu adzabadwa odwala. Tinayezetsa kale magazi tisanatomerane ndipo anati tili bwino. (Mnyamata wa ku Makanjira)

YANKHO: Achimwene, ukwati wa pachisuweni ndi wakale pakati pa Ayao ndi Achewa, ndipo ana ambiri obadwa m'maukwati otere amakhala athanzi. Komabe mnzanuyo sakunama kotheratu. Inu ndi msuweni wanu muli ndi agogo amodzi, choncho ngati agogowo anali ndi S kapena chobisika china cha mtundu umenewu, mpata woti nonse awiri munachilandira ndi wokulirapo kusiyana ndi anthu osadziwana. Chimene muyenera kufufuza ndi chakuti magazi anuwo anawayeza chiyani. Kuyeza HIV, kapena kuyeza gulu la magazi kuti ndi A, B, AB kapena O, sikuonetsa ngati munthu ndi AS. Kumeneko ndi kuyeza kwina, ndipo muyenera kukupempha potchula sickle cell. Funsaninso akuluakulu ngati m'banjamo munali ana amene ankachepa magazi kawirikawiri kapena kumwalira ali aang'ono. Mukapezeka nonse AS, chisankho n'chanu awiri mutamva uphungu. Ine sindiona kuti shehe, m'busa kapena mfumu ali ndi udindo woletsa ukwati pa chifukwa chimenechi, koma ndi bwino kulowa m'banja mukudziwa kuti mwana aliyense ayenera kudzayezedwa akangobadwa.

FUNSO: Ndinawerenga pa Facebook kuti asayansi apeza njira yosinthira DNA ndi kuchiritsiratu sickle cell. Kodi n'zoona, nanga thandizoli tingalipeze kuti? Mdzukulu wanga akuvutika. (Agogo aamuna a ku Malindi)

YANKHO: N'zoona, agogo, koma nkhaniyo ili ndi mbali imene olemba pa intaneti amaidumpha. Mu 2012, Emmanuelle Charpentier ndi Jennifer Doudna anasonyeza njira yodulira DNA pamalo enieni amene munthu wasankha. Njirayi imatchedwa CRISPR, ndipo azimayi awiriwa analandira nayo mphoto ya Nobel mu 2020. Mu 2019, mayi wina wa ku America dzina lake Victoria Gray anakhala woyamba m'dzikolo kulandira thandizo la sickle cell logwiritsa ntchito njirayi. Dziko la Britain linavomereza thandizoli, lotchedwa Casgevy, mu Novembala 2023, ndipo America inavomereza mu Disembala chaka chomwecho.

Madokotala amatenga maselo a wodwala amene amapanga magazi, n'kuwasintha mu labotale kuti ayambirenso kupanga himogulobini ya m'mimba. Kenako wodwalayo amalandira mankhwala amphamvu, onga a khansa, ophera maselo akale a m'mafuta a m'mafupa, ndipo pambuyo pake amamubwezera maselo osinthidwawo. Amagona m'chipatala masabata angapo ali wofooka kwambiri, ndipo mankhwala aja akhoza kumulepheretsa kudzabereka. Kusinthako kumakhudza maselo a magazi okha, kotero kuti munthu wochirayo akabereka amapatsirabe S kwa ana ake. Mtengo umene unalengezedwa ku America ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi, amene ndi mabiliyoni a kwacha. Njira yakale yochizira, yothira maselo a m'mafupa ochokera kwa m'bale amene thupi lake likugwirizana ndi la wodwala, nayonso ndi yodula ndipo imafuna chipatala chapadera.

Pa makanda oposa 500,000 amene anabadwa ndi matendawa pa dziko lonse mu 2021, ambiri anabadwira kuno ku Africa, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, pomwe thandizo latsopanoli lili kumene odwala ndi ochepa. Imeneyi ndi nkhani yoti maboma athu aziikankha pa misonkhano ya mayiko, koma mdzukulu wanu sangaidikire. Kuyeza makanda, penisilini, neti ndi hydroxyurea ndi zimene zingamufikitse pa msinkhu wodzaona thandizolo litatsika mtengo. Ndikuchenjezeninso kuti aliyense amene angakugulitseni botolo kapena mapilitsi n'kumati amasintha DNA akufuna ndalama zanu basi.

FUNSO: M'mudzi mwathu munabwera anthu a kafukufuku, ndipo amfumu anatiitanitsa. Akufuna kutenga magazi a ana kuti akafufuze za matenda a chibadwa. Akazi anga akana, akuti magaziwo akagulitsidwa kunja. Ine ndikuopa kuti tikakana adzatikaniza mankhwala kuchipatala. (Bambo wa kwa Chimwala)

YANKHO: Bambo, tiyambe ndi mantha anuwo. Gawo 19 la Malamulo Aakulu a dziko lino limanena kuti munthu asachitidwe kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi popanda chilolezo chake. Kukana ndi ufulu wanu, ndipo sikungakuchotsereni thandizo lililonse limene mumalandira kuchipatala. Chilolezo cha amfumu chimangotsegula njira yoti ofufuza alowe m'mudzi ndi kulankhula ndi anthu; sichilowa m'malo mwa chilolezo cha kholo la mwana. Mukavomera lero, mukhozanso kutuluka mawa popanda kupereka chifukwa.

Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga National Health Sciences Research Committee ya ku Unduna wa Zaumoyo, kapena komiti yotere ya ku Kamuzu University of Health Sciences, sukulu imene ilinso ndi nthambi pa boma pompano ku Mangochi. Pemphani kuona kalata ya chivomerezocho. Pemphaninso kuti akuwerengereni chikalata cha chilolezo m'Chichewa kapena m'Chiyao, pali mboni imene mwaisankha nokha ngati simuwerenga, ndipo akusiyireni kope lake. Musanasaine kapena kudinda chala, afunseni kuti atenga magazi ochuluka bwanji, akawayeza chiyani, akawasunga kuti ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji, ngati adzatumizidwa kunja, amene adzaone dzina la mwana, komanso ngati adzakuuzeni zotsatira mwana akapezeka ndi vuto. Funso lomalizali ndimaliona lofunika kwambiri, chifukwa kupeza mwana wa SS n'kungolemba m'buku osauza makolo ndi kulakwira mwanayo. Ndalama imene ena amapereka ndi yobwezera ya mayendedwe ndi nthawi yanu, si mtengo wa magazi.

Akazi anu musawaseke. Magazi amatha kutumizidwa kunja ndithu ngati makina oyezera kulibe kuno, ndipo zikatero pamayenera kukhala pangano lolembedwa limene komiti ija yalivomereza. Mantha a magazi ali ndi mbiri yowawa m'dziko muno: mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje n'kufalikira kumaboma oyandikana nawo, anthu osalakwa anaphedwa, ndipo ntchito zina za umoyo zinaima. Mphekesera zimamera pamene ofufuza akufulumira n'kusiya anthu asanamvetse. Wofufuza weniweni sakwiya ndi mafunso. Amene akukwiya kapena kukukakamizani, mukamunene ku ofesi ya zaumoyo ya boma.

Maganizo anga ndi akuti kafukufuku woyendetsedwa bwino ndi woyenera kumuthandiza. Anthu a ku Africa ndi amene DNA yawo imasiyanasiyana kwambiri pa dziko lonse, koma kafukufuku wambiri wa chibadwa wachitika pa anthu ochokera ku Ulaya. Zotsatira zake n'zakuti mankhwala ndi njira zoyezera zimakonzedwa potengera matupi a ena. Ntchito yotchedwa H3Africa inakhazikitsidwa mu 2010 kuti asayansi a ku Africa azitsogolera okha kafukufuku wotere. Komabe, popeza mwanayo ndi wa nonse awiri, musasaine akazi anu asanakhutire.

FUNSO: Mchemwali wanga wabereka mwana wachialubino. Alamu anga akuti mwanayo si wawo, ndi wa mzungu wodzaona nyanja, ndipo akufuna kuthetsa banja. Monga mwini mbumba, ndiwayankhe chiyani? (Bambo wa ku Chembe)

YANKHO: Auzeni alamu anuwo, bambo, kuti khungu la mwanayo si umboni wa chigololo. Mwana wa mzungu ndi munthu wakuda amabadwa ndi khungu loderako, osati lachialubino. Chialubino chimayenda monga mmene tafotokozera za sickle cell: mayi ndi bambo onse awiri amakhala ndi malangizo obisika amene amachepetsa melanini, chinthu chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso, ndipo mwana amabadwa wachialubino akalandira malangizowo mbali zonse ziwiri. Si tsoka, sichipatsirana, ndipo ziwalo za munthu wachialubino zilibe mphamvu iliyonse yolemeretsa munthu. Bodza limeneli laphetsa abale athu m'dziko muno.

Mdani wa tsiku ndi tsiku wa mwanayu ndi dzuwa, makamaka m'mbali mwa nyanja mmene madzi ndi mchenga zimabweza kuwala. Khansa ya pakhungu imapha anthu ambiri achialubino asanakalambe. Azivala chipewa chachikulu ndi zovala za manja aatali, azidzola mafuta oteteza ku dzuwa, asamakhale padoko masana, ndipo chilonda chilichonse chosapola chikaonetsedwe kuchipatala. Maso ake akayezedwe, ndipo akadzayamba sukulu azikhala kutsogolo. Bungwe la Association of Persons with Albinism in Malawi, lodziwika kuti APAM, lingakulumikizeni ndi mabanja ena.

FUNSO: Ndimaphunzitsa Biology pa sukulu ya sekondale yoyendera imene ilibe labotale. Ophunzira amaloweza za chibadwa kuti akhoze mayeso koma samvetsa. Ndingatani? (Mphunzitsi wa ku Monkey Bay)

YANKHO: Aphunzitsi, Gregor Mendel, amene anatulukira malamulo a kutengera kwa makolo ndi kuwasindikiza mu 1866, analibe makina alionse, anali ndi dimba la nsawawa ndi khama lowerengera. Tengani timatumba tiwiri, kena kaimire mayi, kena bambo, ndipo m'kathumba kalikonse muike nyemba zofiira ndi zoyera zofanana kuchuluka. Zoyera zikhale A, zofiira zikhale S. Wophunzira azitola nyemba imodzi m'kathumba kalikonse osayang'ana, alembe zimene watola, n'kuzibwezera. Kalasi yonse ikatola maulendo 100 kapena kuposa, adzaona okha kuti zofiira ziwiri zimatuluka pafupifupi kamodzi mwa kanayi, komanso kuti nthawi zina zimatsatizana, chimene ndi yankho la funso la mayi wa ku Namwera uja.

DNA nayonso mukhoza kuwaonetsa ndi maso. Phwanyani nthochi yakupsa m'kajumbo, thiranimo madzi a mchere pang'ono ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, sefani pa nsalu yoyera, kenako tsanulirani sipiriti wozizira pang'onopang'ono m'mbali mwa tambula. Timaulusi toyera timene tiyandame pakati pa madzi ndi sipiriti ndi DNA ya nthochi. Moto ukhale kutali ndi sipiritiyo.

Muli ndi mwayi umene aphunzitsi a kutali ndi nyanja alibe. Mbuna, utaka, chambo ndi ncheni ndi nsomba za banja limodzi, ndipo mitundu yake m'nyanja ya Malawi ilipo mazanamazana. Ndicho chifukwa chachikulu chimene bungwe la UNESCO linaikira Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Mu 2018, asayansi a ku Wellcome Sanger Institute ku Britain ndi anzawo anawerenga DNA ya mitundu yoposa 70 ya nsombazi, n'kupeza kuti ngakhale zimasiyana kwambiri maonekedwe, mano ndi kadyedwe, DNA yake imasiyana pang'ono zedi. Ana a asodzi amazidziwa nsombazi kuposa buku lililonse, choncho phunziro la mmene kusintha kochepa kwa DNA kumasinthira thupi liyambire pamenepo.

Ophunzira akamvetsa, atulukeni nawo m'kalasi. Tsiku la 13 Juni ndi lokumbukira anthu achialubino ndipo la 19 Juni ndi la sickle cell. Konzani sewero kapena mtsutso pamodzi ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, itanani makolo, mashehe ndi abusa, ndipo pemphani mpata ku wailesi za m'boma lino monga Dzimwe kapena Radio Maria. Zichitike m'Chichewa ndi m'Chiyao. Chinthu chimodzi musachite: musauze ophunzira kuti abweretse magulu a magazi a makolo awo kapena mbiri ya matenda a kwawo kuti muziwerengera pa bolodi, chifukwa phunziro lotere likhoza kuulula zinsinsi za banja pamaso pa kalasi yonse. Gwiritsani ntchito mabanja ongopeka, ndipo wophunzira amene ali ndi funso lokhudza kwawo mumulozere kuchipatala payekha.